Python yakale ndi yokongola, koma amisiri ake anapita

Kuyambira mu Januwale 2020, pamene kampani ya Colt inalengeza kuti yayambiranso kupanga mfuti yake yotchuka ya Python, okonda mfuti ku America sanamvanebe chimodzi. Ena akuti Python yeniyeni ndi ija inapangidwa pakati pa 1955 ndi 2005, ndipo yatsopanoyi yangobwereka dzina ndi nkhope. Ena akuti yatsopanoyi ndi yolimba kuposa yakale, komanso mtengo wake ndi wofikirika. Amene wagwira njakata ndi munthu amene chilolezo ali nacho, ndalama ali nazo, koma zokwanira mfuti imodzi yokha. Kwa munthu ameneyu ndikunena mosapsatira: ngati mukufuna mfuti yoti muziwombera, gulani yatsopano. Yakale ndimaikonda kwambiri, ndipo sindibisa. Koma ubwino wake wonse unkadalira manja a amisiri ochepa a ku fakitale ya Colt ku Connecticut, ndipo ambiri mwa anthu amenewo anapuma ntchito kalekale kapena anatisiya.

Kwa amene sanaionepo, Python ndi revolver, mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira ya mabowo 6, bowo lililonse chipolopolo chimodzi. Imawomba zipolopolo za .357 Magnum, zimene zinatuluka mu 1935 pamene Smith & Wesson ndi Winchester anatalikitsa pang'ono chigoba cha chipolopolo china chotchedwa .38 Special n'kuwonjezera mphamvu ya onga. Mphamvu imene imakankha mkati mwa mfuti chipolopolo cha .357 chikaphulika ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri ya .38 Special, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa tiifunanso kutsogoloku. Python inatuluka mu 1955 pa mtengo wa madola 125, ndalama zambiri pa nthawiyo. Inali ndi mpope wolemera wokhala ndi mzere wa mazenera ang'onoang'ono pamwamba, ndi mtundu wabuluu wozama umene Colt inkautcha Royal Blue. Mtundu umenewo sunkachokera m'mankhwala okha. Amisiri ankayamba asalaza chitsulocho pa mawilo opolishira, kuchoka pa lokhakhala kupita pa losalala, mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Apolisi a pamsewu ku Colorado, Georgia ndi Florida ankanyamula mfuti imeneyi pa ntchito. Mpope wake unkalasa chandamale bwino kwambiri moti amisiri ena ankauchotsa n'kuumanga pa mfuti za Smith & Wesson za anthu a mipikisano.

Koma pagona nkhani ndi mkati, kuseri kwa kachitseko ka m'mbali komangidwa ndi masikuluwu. Mukatsegula pamenepo mupeza sipuling'i imodzi yopindika ngati chilembo cha V. Mwendo wake wam'mwamba umakankha hamala, kachitsulo kamene kamamenya chipolopolo kuti chiphulike. Mwendo wam'munsi umakanikiza kachitsulo kakatali kamene kamagwira ntchito zingapo pakamodzi: kamabwezera trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powomba) m'malo mwake chala chikachoka, kamakanikiza kachitsulo kena kotchedwa hand kamene kamazunguza silinda, komanso kamayendetsa bolt, kaja kamalowa m'kamphako n'kugwira silinda kuti isasunthe. Zonsezi n'zolumikizana. Mukapala pang'ono mbali imodzi kuti trigger ifewe, mwasokoneza nthawi imene bolt imagwera. Kapangidwe kameneka si ka 1955 ayi. Colt inali itakagwiritsa kale ntchito pa Army Special ya 1908 ndi Official Police ya 1927, m'masiku amene makina sankadula chitsulo molondola ngati lero, pamene mmisiri waluso anali wosavuta kumupeza ndi kumulipira. Choncho zitsulo zinkatuluka m'makina zili zokulirapo, ndipo munthu ankakhala pa benchi ndi tupa ndi mwala wonolera, kupala, kuyesa, kumasula, kupalanso, mpaka mfuti imodziyo itayenda bwino. Python iliyonse yakale ili ndi zitsulo zimene anazipalira iyo yokha.

Zotsatira zake n'zokoma, ndipo aliyense amene anagwirapo Python yosamalidwa angachitire umboni. Mukakoka trigger mpaka kumapeto, hand imapanikiza silinda pa bolt mwamphamvu, moti pa nthawi imene chipolopolo chikuphulika silinda siigwedera ngakhale pang'ono. Mfuti za Smith & Wesson zimasiya kampata kakang'ono mwadala kuti chipolopolo chidziwongole chokha polowa mu mpope. Colt inasankha njira yovuta: kugwira zolimba, bowo ndi mpope zikhale pa mzere umodzi ndendende. Kuipa kwake n'kwakuti kachitsulo kakang'ono kaja, hand, kamalandira nawo kugunda kwa chipolopolo chilichonse. Ndi .38 Special kamapirira nthawi yaitali. Ndi .357 Magnum ya mphamvu zonse, zaka zikamapita kamaperepeseka, ndipo taiming'i, kutanthauza kufika kwa silinda pamalo pake pa nthawi yoyenera, imachoka.

Taiming'i ikachoka si nkhani ya kukongola kapena kunyada. Silinda imatsala pang'ono kufika pamalo pake hamala ikamagwa, chipolopolo chimagunda m'mphepete mwa khomo la mpope, ndipo tizidutswa ta mtovu ndi moto zimathethekera m'mbali kudzera pa kampata ka pakati pa silinda ndi mpope. Amene amavulala kawirikawiri si wowombayo. Ndi mnzake amene waima pambali pake, mwina mwana wake amene wabwera naye kudzamuphunzitsa. Ichi n'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva anthu akukambirana za mfuti yakale ngati chithunzi chopachika pakhoma, pamene akufuna kuiika zipolopolo.

Kuyesa taiming'i n'kosavuta, ndipo wogula aliyense ayenera kuchita zimenezi wogulitsa akuona. Tsegulani silinda, onetsetsani ndi maso ndi chala kuti mabowo onse 6 alibe kanthu, kenako tsekani. Kokerani hamala kumbuyo ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono kwambiri, khutu lili tcheru. Mumva kaphokoso kakang'ono bolt ikagwera pa silinda, kenako kena ikalowa m'kamphako. Iyenera kukhala italowa hamala ikamafika kumapeto. Ngati hamala yafika koma silinda ikufunabe kuti muikankhe ndi chala kuti imve tha, hand yatha. Chitani chimodzimodzi pa bowo lililonse, chifukwa nthawi zambiri ndi bowo limodzi kapena awiri amene amayamba kutsalira. Wogulitsa akakoka hamala mofulumira pamaso panu musakhutire, popeza liwiro limaponyera silinda pamalo pake n'kubisa vutolo. Kenako tsitsani hamala mosamala, trigger musaisiye, ndipo yesani kugwedeza silinda. Pa Python yakale yabwino siiyenera kusuntha.

Tsopano tinene kuti mwapeza vuto, kapena labwera patapita zaka ziwiri mutagula. Mupita nayo kwa yani? Apa ndi pamene okonda yakale amayankha mwachidule kwambiri. Zitsulo zoyambirira za ku fakitale zinasiya kupangidwa, ndipo masipeyala amene amapezeka ndi ochotsa ku mfuti zina kapena opangidwa ndi makampani ang'onoang'ono. Ngakhale mutapeza hand yatsopano, siingolowa. Imafuna munthu woti aipale mpaka igwirizane ndi mano a silinda yanuyo, ndipo akapyola pang'ono chitsulocho chatayika. Amisiri okonza mfuti ku America ndi ambiri, koma ambiri a iwo anakulira pa mitundu ina ya mfuti: pa Smith & Wesson, pa 1911, pa Glock ndi pa AR-15. Odziwa bwino sipuling'i ya V ya Colt ndi owerengeka, ntchito imawachulukira, ndipo mfuti imatha kukhala kwa iwo miyezi yambiri. Mmisiri wosadziwa, ngakhale wa mtima wabwino, amawononga m'tsiku limodzi zimene mnzake anazikonza zaka 50 zapitazo.

Tisaiwalenso kuti mawu akuti yakale akubisa zambiri. Python inapangidwa kwa zaka 50, ndipo zaka zimenezo sizinali zofanana ku Colt. Kuyambira 1986 mpaka 1990 ogwira ntchito a m'bungwe la United Auto Workers ananyanyala ntchito pa fakitaleyo, ndipo ntchito inkagwiridwa ndi anthu olowa m'malo. Mu 1992 kampaniyo inakapempha chitetezo kukhoti chifukwa cha ngongole. Mu 1999 inachotsa Python pa mndandanda wa mfuti zopangidwa tsiku ndi tsiku, n'kutsala zochepa zopangidwa mwapadera mpaka 2005. Osonkhanitsa mfuti amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amalimbirana kwambiri za m'ma 1950 ndi 1960. Munthu wamba amene wangomva kuti yakale ndiye yabwino akhoza kulipira ndalama zankhaninkhani pa mfuti ya zaka zovutazo, poganiza kuti wagula mbiri ya 1955.

Mtengo nawo unasokoneza zinthu. Python itasiya kupangidwa, mitengo inayamba kukwera, ndipo sewero lina lotchuka la pa kanema limene linayamba mu 2010, lomwe mtsogoleri wake ankanyamula Python, linangothira mafuta pamoto. Mfuti yosamalidwa bwino inayamba kugulidwa madola 2,000, 3,000, zina kuposa pamenepo. Pamene pali ndalama zotere akathyali sasowa. Pali mfuti zimene zinachita dzimbiri, wina n'kuzipolisha n'kuzipakanso mtundu, kenako n'kuzigulitsa ngati sizinagwiridwepo. Pali makatoni ndi mapepala achinyengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani kavalo wa Colt wodindidwa pa kachitseko ka m'mbali: ngati mizere yake yafufutika, ngati zilembo za pa mpope zaphwatalala, ngati mabowo a masikuluwu alowa ngati mbale, mfutiyo inapolishidwa kachiwiri. Colt imalemba kalata, mukalipira, yofotokoza tsiku limene mfuti inachoka ku fakitale, utali wa mpope wake ndi mtundu wake. Wogula yakale popanda kalata imeneyi kapena popanda munthu wodziwa pambali pake akhoza kugwira fuwa la moto.

Ndipo pali chinthu china chimene anthu sakonda kuvomereza. Munthu amene walipira madola 3,000 pa Royal Blue amayamba kuiopa mfuti yake. Akaiika m'chikwama cha m'chiuno mtundu umachoka kukamwa kwa mpope. Akazunguza silinda, bolt imajambula mzere. Thukuta la m'manja limasiya dzimbiri. Mapeto ake mfuti imakhala m'sefa itakulungidwa, mwini wake n'kumaitulutsa alendo akabwera. Palibe cholakwika pamenepo ngati cholinga chinali chimenecho. Koma munthu amene anagula kuti aziphunzira kulasa chandamale, kapena azipita nayo kosaka kumene malamulo amalola, sadzaidziwa mfuti imene akuopa kuiwombera, ndipo mfuti yosaizolowera m'manja ndi yoopsa kwa mwini wake ndi kwa ena.

Nanga yatsopanoyo ili bwanji? Inatuluka pa mtengo wa madola 1,499, ya chitsulo chosachita dzimbiri, mipope iwiri: wa mainchesi 6 ndi wa mainchesi 4.25. Kunja ikufanana kwambiri ndi yakale. Mkati anasintha. Zitsulo n'zocheperapo, sipuling'i anaikonza mosiyana, ndipo makina oyendetsedwa ndi kompyuta amadula chitsulo chilichonse molingana ndi chinzake, moti ntchito ya tupa yatsala yochepa. Colt inanena kuti inawonjezera chitsulo ndi 30 peresenti pamwamba pa silinda, pansi pa sight (kachitsulo kolozera chandamale) ya kumbuyo, malo amene amalandira nkhanza za .357 Magnum. Mukakoka trigger ulendo wonse osayamba mwakokera hamala, yatsopanoyi imayenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamene yakale inkalemera chakumapeto.

Sinabwere yopanda chilema. M'miyezi yoyamba ya 2020 ogula ena anadandaula kuti silinda ikuleka kuzungulira, ena kuti hamala ikumenya mofooka chipolopolo osaphulika, enanso kuti kukamwa kwa mpope kunafika kokalika. Colt inavomera. Inafotokoza kuti masikuluwu a kachitseko ka m'mbali ankamasuka n'kusiya hand ikutsetsereka pa mano a silinda, ndipo inayamba kuwamata ndi mankhwala, n'kulimbitsanso sipuling'i. Kwa mfuti ya mtengo umenewu zinali zochititsa manyazi, ndipo amene anakwiya anali ndi chifukwa. Koma taonani mtundu wa mavutowo: sikuluwu ndi sipuling'i, zinthu zimene fakitale inakonza ndipo ili nazo m'nkhokwe. Wogula anali ndi koidandaulira. Wa Python ya 1974 alibe koteroko.

Okonda yakale ali ndi mfundo zitatu zimene sindingazikane. Yoyamba ndi trigger mukayamba mwakokera hamala kumbuyo: yakale imathyoka mopepuka ndi moyera, pamene yatsopano ambiri amaimva yolemerapo. Yachiwiri ndi sight ya kumbuyo ya yatsopano, imene anthu ambiri aidandaula kuti imagwedera, mpaka makampani ena monga Wilson Combat anayamba kupanga yolowa m'malo. N'zosamveka kuti munthu alipire madola 1,499 kenako awonjezere ndalama zina pa kachitsulo kamene fakitale inayenera kukakonza bwino poyamba, ndipo Colt ikuyenera kudzudzulidwa pa chimenechi. Yachitatu ndi mtundu. Mu 2024 Colt inatulutsa Python yatsopano yabuluu, ndipo ndi yooneka bwino, koma amene anaonapo Royal Blue ya m'ma 1960 padzuwa amadziwa kuti kuzama kuja kunali ntchito ya anthu amene anapolisha chitsulo moyo wawo wonse. Zonsezi n'zoona. Komabe trigger ndi sight mmisiri wamba akhoza kuzikonza, pamene mtundu suthandiza chipolopolo kupita pamene mwaloza.

Mfundo yakuti yakale imasunga ndalama ndi imene ndimaikayikira kwambiri. Imasunga ngati simukuigwiritsa ntchito. Bokosi lililonse la zipolopolo limene mwawombera likudya mtengo umene mukuudalirawo. Simungakhale wosunga chuma ndi wowombera pa mfuti imodzimodziyo.

Ena amati Colt yagwapo kale kawiri, mu 1992 ndi mu 2015, ndiye ndani akudziwa ngati Python yatsopanoyi idzakhalitse? Funso labwino. Mu 2021 kampaniyo inagulidwa ndi CZ ya ku Czech Republic, ndipo za mawa palibe angalonjeze. Koma ngakhale itadzasiyanso kupangidwa, chitsulo chodulidwa ndi makina pa muyeso umodzi n'chosavuta kuchipanganso ndi kuchiika kusiyana ndi chimene chinapalidwira mfuti imodzi.

Nkhani ya Smith & Wesson ikutiphunzitsa zofanana, ngakhale mbali ina ikuikira kumbuyo okonda zakale. Revolver yawo ya Model 19, imene inayamba mu 1955 ndi dzina lakuti Combat Magnum potsatira maganizo a Bill Jordan wa ku Border Patrol, gulu lolondera malire a America, inali yopepuka ndi yokoma m'manja, koma khomo la mpope wake linali lopyapyala chakumunsi ndipo linkang'aluka anthu akamawombera kwambiri zipolopolo zopepuka zothamanga. Itabwereranso mu 2018, malo amenewo anawalimbitsa. Apa yatsopano inapambana. Koma kuyambira 2001, kampani ya Saf-T-Hammer itagula Smith & Wesson, mfuti zambiri zinayamba kubwera ndi loko wa kiyi m'mbali, pamwamba pa potsegulira silinda. Ogula anadana naye kwa zaka zoposa 20, ena chifukwa cha maonekedwe, ena poopa kuti angadzitseke yekha mfuti ikagunda mwamphamvu. Mu 2025 kampaniyo inatulutsa Model 19 yopanda loko. Ndiye si kuti chatsopano chilichonse n'chabwino. Funso loyenera pa kusintha kulikonse n'lakuti anasinthiranji: kuti mfuti ilimbe ndi kukonzeka mosavuta, kapena pa zifukwa zina za kampani. Pa Python, kusintha kwakukulu kunakhudza malo enieni amene yakale inkavutika.

Kunja kwa America mfundo ya amisiri imalemera kwambiri. Ku Britain funsoli silikhalapo n'komwe kwa anthu wamba, popeza malamulo a 1997, amene anabwera pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu ku Dunblane, analetsa mfuti za m'manja zotere. Ku South Africa, kumene lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna kuti munthu ayambe wayesedwa ndipo mfuti iliyonse ikhale ndi laisensi yakeyake, munthu amadikira nthawi yaitali kuti apeze chilolezo cha mfuti imodzi. Kudikira konseko kenako n'kupeza kuti taiming'i yachoka, ndipo kachitsulo kofunika kali kutsidya kwa nyanja kumene kutumiza zida za mfuti kuli ndi malamulo akeake, ndi chinthu chowawa.

Python yakale ndi ya anthu awiri. Woyamba ndi wosonkhanitsa amene akudziwa chimene akugula, ali ndi mfuti ina yowombera, ndipo akufuna kusunga ntchito ya amisiri aja kuti mibadwo ina idzaione. Ameneyu ndimamulemekeza, chifukwa popanda iye zambiri zikanatha ndi dzimbiri. Wachiwiri ndi amene sanasankhe, anangoilandira kuchokera kwa bambo ake kapena agogo ake. Ngati ndinu ameneyu, musaigulitse pofuna yatsopano, ndipo musaipolishe ngakhale mtundu wachoka m'mbali mwa mpope. Iyeseni taiming'i monga ndafotokozera. Muziiwombera ndi .38 Special, zimene zimalowa bwinobwino m'mabowo ake, ndipo .357 Magnum muziika mwa apo ndi apo. Ikafuna kukonzedwa, mufunseni mmisiriyo ngati anagwirapo Colt ya sipuling'i ya V musanamusiyire. Akakuyankhani kuti revolver iliyonse ndi chimodzimodzi, bwererani nayo kunyumba mukafufuze wina.